Tifunseni: Kodi makatuni angamudyetse mwana?

FUNSO: Akonzi, mnyamata wanga anamaliza giredi 12 koma ntchito yake n'kudzaza makope ndi makatuni. Aphunzitsi ake anamuuza za Ian Kennedy wa ku Scotland, amene akuti ankadya za pensulo moyo wake wonse. Anali ndani ameneyu, nanga mwanayu ayambire pati? (Kholo, Kapata, Chipata)

YANKHO: Aphunzitsiwo sananame. A Kennedy anabadwira mumzinda wa Dundee mu 1932. Ankalakalaka kuyendetsa ndege koma vuto la khutu linawalepheretsa, basi ndegezo anayamba kuziika papepala. Mu 1949 analowa ntchito ku D. C. Thomson, kampani yosindikiza nyuzi ndi magazini mumzinda womwewo, ndipo choyamba anapatsidwa kudetsa ndi inki timabokosi ta masewera a mawu opingasana mu nyuzi ya Sunday Post. Mu 1954 anayamba kudziimira paokha, n'kumalipidwa pa ntchito imene apereka. Anatchuka ndi zikuto za Commando, kamagazini ka nkhani za nkhondo, ndipo anajambula zoposa 1,000. Anamwalira mu 2022.

Timabokosito musatipeputse. Wojambula wa m'magazini amajambulira makina osindikizira, ndipo makinawo amafuna chakuda chikhale chakuda bii, choyera chikhale mbee. Apa ndi pamene ana ambiri aluso amagwera.

Mwanayo asiye mapepala a m'kope, agule khadi yoyera yosalala ya A3. Chithunzi chodzatuluka pa A4 achijambule pa A3, chifukwa akachichepetsa mizere yonjenjemera imaoneka yowongoka. Ayambe ndi pensulo ya HB kapena 2H mosadinikiza. Akadinikiza pamatsala ngalande zomwe inki imatsetserekeramo. Kenako alembe mawu a anthu ake asanawazungulize mzere, zilembo zazikulu zotalika mamilimita 4 kapena 5. Ambiri amayamba ndi kuzunguliza, mawu n'kupanikizana kumapeto.

Inki ikhale ya India ink, yosasungunuka ndi madzi. Bolopeni imatulutsa mzere wotuwa, wodukaduka, ndipo maka imayenderera papepala lopyapyala. Asathamangire kufufuta pensulo: adikire mphindi 15, nthawi ya dzinja kuposerapo, apo ayi labala imakoka inki n'kudetsa nkhope yonse. Akatha apite pa fotokope m'tauni, awauze achepetse kufika pa 71 peresenti kuti chikhale A4. Mzere umene wasowa pamenepo ndiye kuti unali woonda kwambiri.

Pa nkhani yopeza ndalama, musayembekeze magazini okha. Ayesenso zithunzi za m'mabuku a ana, zikwangwani za mashopu ndi mapepala a mauthenga a zaumoyo ndi zaulimi.

FUNSO: Ndinatumiza chithunzi cha pachikuto ku magazini ina, anandibwezera ati mutu wa munthu ubisika ndiponso chithunzi n'chosaoneka bwino. Ndinalakwa pati? (Wojambula, Katete)

YANKHO: Achimwene, dzina la magazini limakhala pamwamba, choncho gawo limodzi mwa magawo anayi lakumwambako muziikako mitambo kapena khoma, osati nkhope. Utoto upitirire mamilimita 3 kunja kwa malire mbali zonse, poti mpeni wodulira mapepala sugwera pamodzimodzi nthawi zonse. Mukalekeza pamalire penipeni pamatsala kamzere koyera.

Kusaoneka bwinoko kawirikawiri ndi WhatsApp, imene imafinya chithunzi. Chitani sikani pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) ngati n'cha utoto, 600 dpi ngati ndi inki yokha, ndipo mutumize pa WhatsApp ngati document, osati ngati chithunzi, kapena pa imelo.

Musanapereke, mugwirizane polemba ngati akugula chithunzicho kuti achisindikize kamodzi kapena chikhale chawo mpaka kalekale, chifukwa mitengo yake siyenera kufanana. Funsaninso ngati dzina lanu lituluka. Ku D. C. Thomson kwa zaka zambiri ojambula ambiri sankaloledwa kusaina ntchito zawo, ndipo owerenga ankangowazindikira ndi kajambulidwe.