Tenisi ya pa dothi lofiira ku Paris: musachoke pampando seti ziwiri zikatha

Achimwene a ku Chitakale, mwafunsa chifukwa chake masewero a tenisi ya ku Paris amakoka nthawi chonchi, ndiponso ngati pali phindu kukhala pansi kuonera ndime zomaliza pomwe munthu angathe kungoona zotsatira pafoni kutacha. Kwa ine, pa mipikisano inayi ikuluikulu ya tenisi, Roland Garros, ya ku Paris imeneyi, ndiyo imene manambala a pafoni amanamiza kwambiri, chifukwa chimene chimagamula masewero kumeneko ndi miyendo ya osewera ndi mmene bwalo ladzukira tsiku limenelo, ndipo zinthu ziwirizi foni siingakuonetseni.

Bwalo la Roland Garros analimanga mu 1928, ndipo dzinali ndi la woyendetsa ndege wa ku France amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu 1918. Kufiira kumene mumaona pa kanema ndi ufa wa njerwa zootcha, woyalidwa mopyapyala, pafupifupi mamilimita 2 okha, pamwamba pa miyala ya laimu yophwanya ndi kutsendera. Mpira ukagwa pa ufa umenewu umagwira pansi, liwiro lake limachepa, kenaka umadumpha m'mwamba kwambiri kusiyana ndi pa udzu wa ku Wimbledon. Wosewera amene amadalira kuseva (kumenya mpira woyambitsa pointi) mwamphamvu amapeza kuti mpira umene kwina ukanamupatsa pointi pomwepo ukubwerera kwa iye, ndipo ayenera kuumenya kachiwiri, kachitatu, mwinanso kakhumi asanaione pointiyo. Ichi n'chifukwa chake Pete Sampras, amene anatenga zikho 14 za Grand Slam (mipikisano inayi ikuluikulu ija), anapuma tenisi asanalaweko chikho cha ku Paris, ndipo Roger Federer anachitenga kamodzi kokha, mu 2009.

Ndiye mukakhala pansi kuonera, maso anu asamangothamanga ndi mpira. Nthawi zina muziyang'ana mapazi. Ife a kuno tikudziwa mmene munthu wozolowera amatsikira kanjira ka katondo m'mphepete mwa munda wa tiyi chiperoni chikagwa: salimbana ndi kuterera, amalola phazi kutsetsereka mpaka pamene iye wafuna kuti liime, pomwe mlendo amaumitsa thupi n'kugwa chagada. Katswiri wa pa dothi amayamba kutsetsereka asanaufike mpira, amaumenya kutsetserekako kukutha, ndipo nthawi yomweyo amakhala atatembenuka kale kubwerera pakati pa bwalo. Amene sanakulire pa dothi amamenya kaye mpira n'kumatsetsereka pambuyo pake, ndipo mapazi awiri kapena atatu amene amataya pamenepo ndiwo amamudyetsa pointi. Mukazindikira kusiyana kumeneku mudzayamba kudziwa amene akulamulira masewero ngakhale manambala akunena kuti onse ali pamodzi.

Kutopa ndiko kumasiyanitsa ndime zomaliza ndi sabata yoyamba. Mpikisano umayamba ndi osewera 128 mbali ya amuna ndi 128 mbali ya amayi, ndipo wofuna chikho ayenera kupambana masewero 7 m'masabata awiri. Amuna amasewera mpaka wina atapambana seti zitatu mwa zisanu (seti ndi chigawo chachikulu cha masewero, chopangidwa ndi timagawo totchedwa magemu). Munthu akamafika mu kotafainolo amakhala atasenza maola onse amene wathamanga m'ndime zinayi zapitazo, choncho musanasankhe mbali muziona kaye kuti aliyense wadutsa njira yotani. Mu 2024 Novak Djokovic anasewera masewero awiri otsatizana a seti zisanuzisanu, amodzi mpaka kudutsa 3 koloko ya m'bandakucha, ndipo bondo linamukana moti mu kotafainolo sanalowe n'komwe m'bwalo. Mu semifainolo ya 2023 Carlos Alcaraz, ali mnyamata wa zaka 20, anagawana seti ziwiri zoyamba ndi Djokovic, kenaka minofu inamukokana thupi lonse ndipo seti ziwiri zotsalazo zinangotha 6-1, 6-1. Woona pafoni akanati mnyamatayo anaphunzitsidwa tenisi, chonsecho kwa maola awiri oyambirira palibe amene akanalosera wopambana. Chaka cha 2022 Rafael Nadal ndi Alexander Zverev anasewera kupitirira maola atatu seti yachiwiri isanathe, mpaka Zverev anapotoka kakolo n'kutuluka m'bwalo pa njinga ya olumala.

Langizo limene ndingakupatseni ndi mtima wonse n'lakuti musanyamuke wina akatsogola ndi seti ziwiri. Mu fainolo ya 2021 Stefanos Tsitsipas anatenga seti ziwiri zoyamba, koma chikho anapita nacho Djokovic. Ya 2025 ndiye inaposa pamenepo. Jannik Sinner anatenga seti ziwiri, Alcaraz n'kutenga yachitatu, ndipo mu seti yachinayi Sinner anatsogola 5-3 ali ndi mipata itatu yotsatizana yoti pointi imodzi yokha imupatse chikho. Yonse itatu Alcaraz anaitseka. Masewerowo anatha patadutsa maola 5 ndi mphindi 29, fainolo yaitali kuposa ina iliyonse m'mbiri ya mpikisanowu, ndipo Alcaraz anawapambana pa tiebreak (gemu yapadera yothetsa kufanana) ya mapointi 10, lamulo limene mipikisano yonse inayi inayamba kutsatira mu 2022 osewera akafanana 6-6 mu seti yomaliza. Amene anazimitsa kanema pa 5-3 paja kuti akadye nsima anadzuka ndi nkhani yabodza m'mutu. Kubwerera kotereku kumatheka kwambiri pa dothi chifukwa kuseva si linga lolimba ngati pa udzu, ndiye wotsalira amakhala ndi khomo lolowera pafupifupi pa gemu iliyonse.

Za Nadal sindingazilumphe, ngakhale kuti anapuma. Anatenga chikho cha ku Paris ka 14, kuyambira 2005 mpaka 2022, ndipo pa masewero 116 amene anasewera kumeneko anagonja 4 okha. Chinsinsi chake sichinali chobisika kwa aliyense: ankasewera ndi dzanja lamanzere, ankaupota mpira mwamphamvu kuti ukagwa udumphe kufika paphewa, ndipo ankaulunjika mobwerezabwereza ku backhand, kutanthauza mbali ya kumanzere, ya mnzake wa dzanja lamanja mpaka dzanjalo litalema. Onse ankadziwa chimene chikubwera, koma mankhwala ake ndiwo ankasowa. Ena mugulu muno amakonda kunena kuti anali wa bwalo limodzi, koma amaiwala kuti munthu yemweyo anatenganso zikho 8 pa udzu ndi pa bwalo lolimba.

Nyengo nayo muziiwerengera. Dzuwa likawala bwalo limauma, mpira umapepuka ndi kudumpha kwambiri, zimene zimakomera opota mpira. Kukachita mitambo kapena usiku kukazizira, ufa wa njerwa umasunga chinyezi, mpira umalemera, ndipo mwayi umapita kwa amene amamenya mowongoka ndi mwamphamvu. Osewera awiri omwewo angathe kupereka masewero osiyana kotheratu masana ndi usiku, ndipo n'chifukwa chake mumamva akatswiri akudandaula za nthawi imene awaika. Bwalo lalikulu, Philippe-Chatrier, lili ndi denga lotseka kuyambira 2020, choncho mvula siimitsanso ndime zomaliza monga kale.

Mudzaonanso woyimbira akutsika pampando wake wautali kukaloza pansi ndi chala. Pa dothi mpira umasiya chidindo pamene wagwa, ndiye pakakhala mkangano amapita kukachiona, wosewera ataima pambali pake. Mu 2025, pamene mipikisano ina itatu inali itasiyira makina ntchito yoona mizere, Roland Garros inasungabe anthu. Ineyo mwambowu ndimaukonda, ngakhale ndikudziwa kuti nthawi zina woyimbira ndi wosewera amaloza zidindo ziwiri zosiyana ndipo ochemerera a ku Paris, amene sadziwa kubisa maganizo, amayamba kukuwa.

Musanyozere mbali ya amayi poganiza kuti seti zawo, zimene sizipitirira zitatu, n'zochepa. Kumeneko mpata wokonza cholakwa ndi wochepa, moti mphindi khumi zosokonezeka maganizo zimatha kuchotsa munthu mumpikisano. Iga Swiatek wa ku Poland anatenga chikho mu 2020, 2022, 2023 ndi 2024, koma mu 2025 anagwa mu semifainolo kwa Aryna Sabalenka, amene nayenso anakagonja kwa Coco Gauff mu fainolo ya mphepo yambiri atatenga seti yoyamba. Chaka chomwecho Loïs Boisson wa ku France, amene anali pa nambala 361 pa dziko lonse, anafika mu semifainolo atagonjetsa osewera awiri a m'gulu la khumi apamwamba. Ife a ku Africa tilinso ndi potsamira pang'ono. Ons Jabeur wa ku Tunisia anafika mu kotafainolo mu 2023 ndi 2024, Kgothatso Montjane wa ku South Africa anatenga chikho cha awiriawiri pa tenisi ya pa njinga za olumala mu 2023, ndipo Yannick Noah, mwamuna womaliza wa ku France kutenga chikhochi mu 1983, bambo ake anali a ku Cameroon.

Pa za nthawi tili ndi mwayi umene sitiupeza pa mipikisano ya ku Melbourne ndi New York. M'miyezi ya Meyi ndi Juni wotchi ya ku Paris imafanana ndi yathu, ndiye nthawi imene mwaiona pa ndandanda ndi yomweyo ya ku Mulanje, popanda kuwonkhetsa kapena kuchotsera. Makotafainolo amakhala Lachiwiri ndi Lachitatu la sabata yachiwiri, masemifainolo a amayi Lachinayi, a amuna Lachisanu, fainolo ya amayi Loweruka ndipo ya amuna Lamulungu, mafainolo onse awiri cha m'ma 3 koloko masana. Masewero a usiku amayamba itangodutsa 8 koloko, ndipo ena amafika pakati pa usiku, monga kotafainolo ya Nadal ndi Djokovic mu 2022 imene inatha itadutsa 1 koloko. Ngati mukukaonera pamalo ogulitsira zakumwa kapena m'nyumba yoonetsa mpira, mukakambirane ndi mwini malo nthawi ikadalipo, chifukwa masabata amenewa ndi omwenso mpira wamiyendo wa ku Ulaya umafika kumapeto, ndipo anthu atatu a tenisi sangapambane mkangano wa rimoti ndi chipinda chodzaza masapota. Mukatenge jekete lokhuthala poti kuzizira kwa Juni kuno mukukudziwa, foni ikhale yodzaza moto ndi bandulo yokwanira kuti magetsi akazima musaphonye mapeto, ndipo ngati ndi fainolo ya amuna, kunyumba mukanene kuti chakudya chamadzulo asakudikireni.