Njinga yakapalasa kuyiika mota yamagetsi, zimatheka?

Achimwene ena a ku Zomba andilembera imelo, akuti ali ndi njinga ija yakuda yolemera ya mabuleki a zitsulo, amanyamulira katundu kumsika koma zitunda zawatopetsa, ndiye akufunsa ngati angagule kit n'kuyisandutsa yamagetsi.

Eya zimatheka achimwene. Mu kit mumabwera mota, controller (kabokosi kowongolera magetsi opita ku mota), ka throttle (kopatsira moto pa handulo) kapena kasensa ka pa mapedulo, batire nthawi zambiri amagulitsa padera. Yosavuta kumanga ndi mota ija imakhala pakati pa wilo, ya 250W pa 36V. Iliponso ina yomangirira pa mapedulo ngati ya kampani ya Bafang, pa chitunda imeneyo ndiye mwini wake chifukwa imakoka kudzera pa tcheni, koma ndiyodula komanso imadya tcheni msanga.

Tsono musanatumize ndalama yang'anani zomwe zalembedwa pa tayala lanu. Njinga zamtundu wanuwo zambiri ndi 28 x 1½, limu yake ndi 635mm, pomwe wilo ya mu kit yomwe amaitchulanso kuti 28 ndi 622mm, ndiye mukangogula chimbulimbuli tayala lanu silikwanapo ndipo mabuleki sagwira pamalo pake. Bola mugule mota yopanda limu, mmisiri wodziwa akulukireni masipoko pa limu ya saizi ya njinga yanuyo. Ngati ndi wilo yakutsogolo aikepo kachitsulo kotchedwa torque arm, apo ayi mota ija imatha kutanyula foloko wilo n'kuzuka muli pa liwiro.

Batire ndiye pagona nkhani, ndipo apa ndikupemphani musaumire ndalama. Ya lithium ya 36V 10Ah imasunga mphamvu yokwana 360Wh, mukamapalasako nanunso mungayende makilomita mwina 30 mpaka 40, koma ndi thumba la chimanga pa kaliyala pamtunda wa ku Zomba uja musayembekezere zimenezo, ikutherani msanga. Tchaja ya 2A imadzaza m'maola ngati 5, ndiye ganizirani kuzimazima kwa magetsi kwanuko. Mabatire otchipa osadziwika kochokera aja amatha kuyaka moto, gulani yokhala ndi BMS (kachipangizo koteteza batire), ndipo musamaitchaje kuchipinda inu mutagona chonde.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mabuleki anuwo. Limu yachitsulo ikanyowa ndi mvula mabuleki sagwira bwino, tsono mwaonjezerapo liwiro ndi kulemera kwa batire, potsetsereka zivuta. Yambani mwasintha mabuleki onse awiri, ndipo ngati felemu inawotcheredwapo kale pezani kaye ina musanagule mota.