Chilema ndi ulumali: kodi n'chinthu chimodzi?

FUNSO: Ndimalemba mayina a ana ofunika thandizo lapadera pasukulu. Fomu yomwe tinapatsidwa ili ndi malo awiri, a "chilema" ndi a "ulumali", ndipo ine ndimangolembamo zofanana. Kodi ndikulakwitsa? — Mphunzitsi

YANKHO: Mukulakwitsa ndithu, aphunzitsi, koma simuli nokha. Pocheza mawu awiriwa timawasakaniza, pamene pantchito ngati yanuyi aliwonse ali ndi tanthauzo lake.

Chilema chili m'thupi kapena mu ubongo wa munthu: mwendo wodulidwa, khutu losamva, maso osaona patali. Ichi n'chimene dokotala amayeza. Ulumali umayamba chilemacho chikakumana ndi chopinga chomwe chikumulepheretsa munthuyo kuchita zimene anzake akuchita. Tiyerekeze ana awiri amene onse saona bwino patali. Wina ali ndi magalasi ndipo amawerenga pabolodi osavutika. Mnzake alibe, komanso anamukhazika kumbuyo kwenikweni. Chilema n'chimodzi, koma amene maphunziro akumudutsa ndi mmodzi yekha.

Amene analimbikira kusiyanitsa zimenezi ndi anthu aulumali eni ake, a gulu la UPIAS ku Britain, mu 1976. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linazitengera mu ndondomeko yake yofotokozera za thanzi ndi ulumali yotchedwa ICF mu 2001, ndipo pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la mu 2006 limanenanso kuti ulumali umabwera chifukwa cha kukumana kwa chilema ndi zopinga.

Phindu la kusiyanitsaku n'loti mumadziwa pokonza. Mwana woyenda pa njinga ya olumala simungamubwezere miyendo, koma masitepe mungawasinthe. Njira yotsetsereka yoika m'malo mwa masitepe imafuna masentimita 12 m'litali pa sentimita iliyonse yokwera. Sitepe imodzi ya masentimita 15 ikufuna njira ya masentimita 180. Masitepe atatu, masentimita 540. Amisiri ambiri amaifupikitsa pofuna kusunga simenti, ndiye imakhala chikweza: pokwera njinga imabwerera chambuyo, potsika imathamanga mpaka kumugwetsa mwiniwake. Khomonso likhale la masentimita pafupifupi 90, ndipo musaiwale la kuchimbudzi, chifukwa ndi lomwe limaiwalika kawirikawiri.

Komatu tisanamizane kuti zonse zimathera pa zomangamanga. Ululu, kutopa kapena khunyu zimafuna chipatala ngakhale zopinga zitachotsedwa. Ndipo chopinga china sichioneka ndi maso, monga mphunzitsi amene amalankhula atayang'ana bolodi pamene m'kalasimo muli mwana womva powerenga milomo.

Choncho pa malo a chilema lembani zimene achipatala anapeza, monga "samva khutu lakumanzere", osati zongoganizira inu. Pa malo a ulumali lembani chimene mwanayo akulephera ndi chomwe chikumutchinga: "satsatira phunziro akakhala kumbuyo kapena m'kalasi mukakhala phokoso". Musanalembe gawo lachiwirili, mufunseni mwanayo ndi makolo ake.