Achimwene, dipoziti ya woyimba wakunjayo musatumize kaye

Achimwene, mukufuna kukonza shoo yoitana woyimba wakunja, koma ndalama mwasonkhanitsazo musathamangire kuzitumiza kwa woyimbayo. Inunso amene mukuwalimbikitsa kuti zosangalatsa zakula masiku ano ndipo shoo imodzi ibweza zonse, mukunena theka la nkhani. Zakuladi, palibe akukana. Ma DJ achuluka, malo okhala ndi siteji achuluka, achinyamata akugula matikiti pafoni. Koma chomwe chakula kwambiri ndi chiwerengero cha mashoo, pomwe anthu olipira pageti m'dziko laling'ono ndi omwewomwewo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi, koma okhala m'matauni anali 16 pa 100 aliwonse. Mwa amenewo chotsanipo ana, okalamba, amene sayenda usiku, ndi amene malipiro awo amathera pa lendi ndi fizi. Otsalawo ndi amene mukulimbirana ndi promota (wokonza shoo) mnzanu wa Loweruka lomwelo, ukwati, mpira ndi bala iliyonse yomwe yaitana DJ. Munthu akagula tikiti yodula kumapeto kwa mwezi uno, mwezi wamawa simumuonanso.

Shoo yotere imafera malo amodzi, cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo imafa mofanana nthawi zonse. Promota analipira theka la ndalama ya woyimba ngati dipoziti. Kontrakiti ikuti theka lotsalalo liperekedwe woyimba asanachoke ku hotela. Promota alibe ndalamayo, akudalira za pageti. Anthu abweradi, koma sakulowa. Aima panja, ena ali m'magalimoto, akudikira amve kuti woyimba wafika, chifukwa ananamizidwapo kale ndi mapositala a anthu omwe sanakwere n'komwe ndege. Ndiye manijala wa woyimba akuti sitinyamuka mpaka ndalama ikwane, anthu akuti sitilowa mpaka woyimba afike. Apa promota wagwira njakata, ndipo chilichonse chomwe achite kuchokera pamenepa chipweteka munthu wina.

Amayamba ndi kutenga ndalama ya dizilo. Kenako amatenga yotsala ya mwini zokuzira mawu, kenako ya mabandi akomweko, zonse kupita nazo ku hotela pang'onopang'ono. Pageti napo zinthu zasokonekera. Mafoni zikwi zingapo ali pa nsanja imodzi ya netiweki, kulipira pafoni kukukana, uthenga wotsimikiza sukufika, mzere waima. Mabawunsa omwe sanalipidwe ayamba kulowetsa anthu pa theka la mtengo, ndalama m'thumba mwawo. Zibangili zomwe sizinamangidwe zolimba zikuvulidwa n'kuponyedwa kunja kwa mpanda kuti wina alowere. Bwalo likuoneka lodzaza, promota akumwetulira pa kamera, koma mwa anthu mukuwaonawo mwina theka ndi amene alipira mtengo wonse.

Woyimba akafika cha m'ma 1 koloko, mabandi omwe anakonzekera sabata yathunthu, n'kubwereka galimoto ndi ndalama yawo, amauzidwa kuti ayimbe nyimbo ziwiri atsike. Ena sakwera n'komwe. Ndiye pamabwera za jenereta. Imodzi yomweyo yanyamula saundi, nyali za pasiteji, sikirini ya LED, komanso mafiriji ndi zophikira za ogulitsa omwe alumikiza mawaya awo popanda wowaona. Nyimbo yoyamba besi ikagunda nyali zonse zili choyaka, mphamvu imatsika, ma amp (opatsa mphamvu masipika) amadziteteza n'kuzima, kapena dizilo amangotha chifukwa anagula theka. Bwalo lonse zii, mdima. Botolo loyamba siligenda promota, iyeyo sakuonekanso. Limagenda injiniya wa saundi, chifukwa ndi amene wakhala pakati pa anthu ndi mixer yake, ndipo anthu amaganiza kuti wazimitsa ndi iye. Mowa umathiridwa pa mixer, mawaya amadulidwa, masipika a kutsogolo amagwetsedwa. Zipangizo zimenezo munthu anaitanitsa kunja ndi madola, analipira msonkho, mwina ngongole yake sinathe. M'mawa kukacha foni ya promota yazimitsidwa. Mwini saundi, oyimba zida, onyamula katundu, atsikana a pageti, onse alemba m'madzi.

Chomwe chimawawa kwambiri n'chakuti pakangotha miyezi itatu munthu yemweyo amatulukiranso ndi dzina lina la kampani, positala yatsopano, n'kumayankhula pa wailesi za kutukula luso. Mapromota oterewa ndi amene awononga msika. Iwo ndi amene anaphunzitsa anthu kusagula tikiti pasadakhale, ndipo kusagula pasadakhaleko ndi komwe kumavutitsa ngakhale promota wachilungamo. Ena amalemba pa positala mayina a oyimba omwe sanawauze n'komwe. Ena amauza woyimba wachinyamata kuti malipiro ake n'kuonekera pamaso pa anthu, ngati kuonekera kumalipira situdiyo. Makampani othandiza nawo asatinamize. Amafuna mbendera zawo paliponse, dzina lawo patsogolo pa dzina la shoo, matikiti aulere a mabwana ndi abale awo, koma thandizo lenileni limakhala katundu kapena malonda a pa wailesi, ndipo kandalama komwe alonjeza kamatuluka patatha mwezi kapena iwiri shoo itatha. Dizilo safuna lonjezo, amagulidwa tsiku lomwelo.

Pa woyimba wakunja palinso nkhani ya dola, ndipo iyi ndi imene anthu ongoyamba kumene saiwerengera. Iyeyo mumamulipira madola, pamodzi ndi matikiti a ndege a gulu lake lonse, katundu wawo, hotela, mayendedwe ndi zilolezo za ku Immigration. Inu mumatolera makwacha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Kugwa kotereku kukakupezani mutasaina kale kontrakiti, ngongole yanu imakwera usiku umodzi pomwe mtengo wa tikiti mwausindikiza kale pa positala. Ngakhale makwacha mukhale nawo, kupeza madolawo ku banki nthawi yake ndi nkhondo ina, ndipo manijala wa woyimba sadikira.

Ena amatchula maiko ang'onoang'ono omwe za mashoo zikuwayendera. N'zoona, koma onani chomwe amachita. Eswatini ili ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi, koma shoo yaikulu ya Bushfire, yomwe inayamba mu 2007 ku House on Fire ku Malkerns, imadzaza chifukwa anthu ambiri amachokera ku South Africa ndi Mozambique pagalimoto. Komanso ili m'gulu la Igoda limodzi ndi maphwando ngati Azgo ya ku Maputo ndi Sakifo ya ku Réunion, omwe amachitika masabata oyandikana, kotero woyimba mmodzi akhoza kuzungulira angapo pa ulendo umodzi, mtolo wa ndege usagwere phwando limodzi. Iceland ili ndi anthu ochepa kwambiri kuposa pamenepo, ndipo Iceland Airwaves inayamba mu 1999 mothandizidwa ndi kampani ya ndege ya Icelandair, yomwe imapindula ndi alendo obwera nyengo yozizira. Isle of MTV ku Malta inayamba mu 2007 mothandizidwa ndi bungwe la boma loona za alendo. Lake of Stars nayo, kuchokera pomwe inayamba ku Chintheche mu 2004, mphamvu yake inali yokoka alendo akunja kubwera kunyanja. Onsewa amaitanitsa omvera kuchokera kunja, ndipo pali wina wamphamvu amene amapindula ndi mabedi, ndege ndi mbiri ya dziko. Shoo yanu ya usiku umodzi ikuitanitsa woyimba yekha, omvera ndi omwe aja tawawerenga.

Mukalimbikirabe, yambani ndi masamu, positala ibwere pambuyo. Ngati malowo amalowa anthu 2,000, werengerani olipira 1,200 basi. Ndalama ya anthu 1,200 amenewo ikapanda kukwanira zonse, kuphatikizapo misonkho, chitetezo, zimbudzi ndi kuyeretsa malo m'mawa mwake, shooyo yaluza isanayambe. Matikiti aulere asapitirire 100, alembedwe mayina, ndipo mndandanda utsekedwe dzulo lake. Ndalama yonse ya woyimba, ya saundi ndi ya dizilo ikhale m'manja kutatsala sabata. Za pageti zikhale zobweza zomwe mwalowetsa kale. Woyimba afike dzulo lake, ajambulidwe kanema ali mumzindamo, mufalitse usiku womwewo, ndi njira yokhayo yolowetsera msanga anthu oima panja aja.

Pageti muikepo mtima kuposa pa nyali. Munthu wokhala ndi tikiti kale amatenga masekondi ngati 10 kuti alowe, ndiye kuti mzere umodzi umalowetsa anthu 360 pa ola. Wolipira pomwepo, wofuna chenje kapena wodikira uthenga wa pafoni, amatenga masekondi 30 kapena kuposa, mzere umatsikira pa 120. Anthu ambiri amafika mu ola limodzi lomwelo, choncho kwa anthu 1,200 mukufunika mizere inayi ya okhala ndi matikiti, ndipo tebulo logulitsira likhale patali pang'ono ndi geti. Wogulitsa tikiti akhale wina, womanga chibangili wina, woyang'ana pakhomo wina, ndipo bawunsa asagwire ndalama ngakhale pang'ono. Zibangili zikhale ndi manambala, muziwerenge musanayambe, ndipo ola lililonse munthu mmodzi wodalirika azichotsa ndalama n'kulemba nambala yomwe yafikapo. Zotsala ndi ndalama zikapanda kugwirizana mumadziwa ola lomwe zasokonekera ndi tebulo lake.

Jenereta zikhale ziwiri, ina ya saundi yokha, ina ya nyali ndi sikirini. Ogulitsa adzipezere yawo, ndipo pakhale munthu woyendera mawaya usiku wonse. Musanamizike ndi nambala yolembedwa pa jenereta. Ya 100 kVA imapereka pafupifupi 80 kW, ndipo simuyenera kuisenzetsa kupitirira magawo atatu mwa anayi, kutanthauza 60 kW, kuti besi ikagunda ikhale ndi popumira. Pa katundu wotere imamwa malita 16 mpaka 18 pa ola. Werengani kuchokera pa sound check masana mpaka kuzimitsa m'bandakucha, ndi maola 14, malita oposa 200, ndipo agulidwe dzulo lake, mwini jenereta awaone ndi maso. Katundu agawidwe mofanana pa mafezi atatu, fezi imodzi ikalemedwa yokha breaker imagwa. Chitsulo cha earth chikhomedwe pansi ndithu, osangochigoneka, apo ayi masipika amalira ndipo woyimba gitala amagwidwa ndi magetsi pamlomo akayandikira maikolofoni. Waya wautali koma wowonda amadya mphamvu panjira n'kutentha. Ma amp amayatsidwa komalizira, amazimitsidwa koyambirira.

Pemphani rider ya woyimba (mndandanda wa zida ndi zina zomwe akufuna) musanasaine, muipereke kwa mwini saundi aiwerenge. M'menemo ndi momwe mumabisala zodula: mtundu wa mixer, ng'oma, kiyibodi, ma monitor a m'makutu. M'dziko laling'ono makampani okhala ndi zida zotere ndi owerengeka, tsiku lanu akhoza kukhala atatengedwa kale, ndipo kubwereka kunja ndi madola enanso. Pakati pa bandi ndi bandi siyani mphindi 15 mpaka 20, ndipo musaike mabandi khumi pa usiku umodzi. Za mapepala musazisiyire sabata yomaliza: chilolezo cha khonsolo, kudziwitsa apolisi, ndi laisensi ya COSOMA, bungwe lomwe lakhala likutolera ndalama za eni nyimbo kuyambira 1992. Tsiku musankhe la kumapeto kwa mwezi, mufunse mapromota anzanu zomwe akonza, ndipo shoo ya pabwalo pakati pa November ndi April popanda denga ndi juga ya mvula.

Kunena zoona, koyamba woyimba wakunja musiyeni. Tengani malo a anthu 300 kapena 400, mabandi atatu akomweko omwe ali ndi owatsatira, mugwirizane kugawana za pageti mutachotsa saundi ndi dizilo, aliyense aike munthu wake patebulo la matikiti. Mwini malo mukambirane naye gawo la za ku bala, chifukwa nthawi zambiri phindu lenileni la usiku limakhala kumeneko. Chitani zimenezi mwezi ndi mwezi, tsiku lodziwika, nthawi yoyambira yosasintha, mpaka anthu azolowere kugula pasadakhale. Kampani yothandiza muifunefune ndithu, popanda iyo shoo yaikulu siyenda, koma ilembe pa pepala kuti theka la ndalama lituluke shoo isanachitike ndipo matikiti ake aulere ndi angati. Pa shoo yaikulu, mwini saundi ndi mabandi alandire theka posaina, lotsalalo akangomaliza sound check, anthu asanayambe kulowa.