Azakhali, za burger ija mwafunsa

Eee azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, pepani ndachedwa kuyankha, ndinali kuchigayo ndiye bando inandithera panjira. Ndingojambula mawu, zoti ndilembe zonsezi chala chingatupe. Enanso muli m'gulu muno mumvere konko, makamaka inu achimwene a ku Joni, poti ndinu mwayatsa motowu ndi zithunzi zanu zija.

Poyamba mumuuze mzime wanuyo kuti watichotsa manyazi. Kukhoza Sitandade 8 mpaka kusankhidwa kupita ku sekondale si masewera. Ndiye mwati munamulonjeza kuti akakhoza mudzapita naye ku Lilongwe akadye burger, pano mwaona mitengo pa chithunzi chija mutu wazungulira. Mwafunsa kuti banzi ndi kanyama pakati zingafanane bwanji mtengo ndi nkhuku yamoyo ya pa Kamwendo, kodi m'katimo muli chiyani chimene inu simukuchiona. Ndaseka ndekha mpaka ana kundiyang'ana. Koma funso lanu ndi lomveka, ndipo poti ndinakhalako zaka zinayi m'khitchini ya malo odyera m'tauni muja, ndikuuzani mmene ndinazionera ndi maso angawa.

Zoona zake, azakhali, ndalama zambiri zimene mumapereka si za nyama ayi. Tiyambe ndi banzilo. Ndi la fulawa wa tirigu, ndipo tirigu amene timadya m'dziko muno pafupifupi yense amachokera kunja, wathu wa kumapiri a ku Ntcheu ndi Neno ndi wochepa zedi. Tchizi chija chachikasu chopyapyala ngati pepala, masosi ambiri, ngakhale timabokosi ndi timapepala tokulungira, zambiri zimalowa kuchokera ku South Africa. Zonsezo zimafuna ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndinali ndikadali pantchito. Sabata yomweyo abwana anabwera ndi timapepala tomata, tinakhala pansi madzulo n'kumamata mitengo yatsopano pamwamba pa yakale, menyu iliyonse. Patapita miyezi ingapo tinamatanso pamwamba pa zomata zija. Menyu inafika ponenepa pamalo pa mtengo pokha, ukaigwira umamva kachitunda.

Kenako pali lendi ya nyumba, poti malo oterewa amakhala pamene pamadutsa anthu a ndalama. Pali mafiriji amene sayenera kuzima usana ndi usiku, ndiye magetsi akapita jenereta imalira, ndipo jenereta sidya nsima, imamwa dizilo. Pali alonda, otsuka mbale, mtsikana wa pa kauntala, msonkho wa VAT umene mudzauone pansi pa lisiti. Malo a mayina akuluakulu aja, ngati KFC kapena Steers, mwini wake wa kuno amalipiranso eni dzina kuti aligwiritse ntchito. Ndiye mukaluma kamodzi mwaluma lendi, mukaluma kachiwiri mwaluma dizilo, nyama mukaipeza cha kachitatu.

Iwe, tatseka chitsekocho, nkhuku zikulowa! Pepani azakhali.

Ndimati chiyani? Eya, nyama. Achimwene a ku Joni, ija mumatumiza ya ku McDonald's, imene amati Quarter Pounder, nyama yake imalemera magalamu 113 isanapse. Ndiye kuti kilo imodzi ya pa butchala itulutsa 8, n'kutsalako kena. Ndipo imeneyo ndiye imawerengedwa yaikulu, zambiri zimene amagulitsa ndi zochepa kuposa pamenepo. Ikafika pamoto imanyala, mafuta ndi madzi zimatuluka. Azakhali musavutike kukaifuna McDonald's ku Lilongwe, kuno kwathu kulibe, mwana asakunamizeni ndi za pa foni.

Tsopano kudula n'kwina, kukoma n'kwina. Ine chimene chimandipweteka si mtengo, koma kulipira mtengo wa ng'ombe n'kudya soya. Mwezi wa Epulo uja tinapita kukaona za ukwati wa mnzanga, pobwerera tinaima pa loji ina, dzina ndisatchule. Pakhoma anapachika chithunzi, burger yaitali ngati chulu, tchizi chikuyenderera, letesi wobiriwira. Ndinati lero ndidzipepese. Tinadikira mpaka Fanta kufunda m'botolo. Itabwera, iii, yaphwatalala ngati wina anaikhalira mu minibasi. Ndinatsegula banzi, poti ine ndi dzanja la m'khitchini sindidya ndisanaone. Letesi palibe, aikapo kabichi wodula ngati wa pa chiwaya. Tchizi palibe. Ndikufunsa mnyamata uja, akuti chatha amayi. Nanga mtengo? Akuti mtengo ndi womwewo. Kanyamako kunja kotentha, pakati kozizira, kuonetseratu kuti achotsa mufiriji n'kukaponya mu microwave. Kukaluma kali ngati chinkhupule, fungo la soya pisesi ndi buledi wonyowa. Ndiye anathira mayonezi wambiri kuti lilime lisazindikire. Ndinakhala n'kumaganiza kuti soya ameneyu mwina ndi wathu yemwe wa ku Mkanda, tinagulitsa kwa mavenda motchipa, lero wandibwerera atavala jekete la ng'ombe.

Sindikunena kuti kusakaniza n'kulakwa konse. Kuika nyenyeswa za buledi pang'ono kapena dzira kuti nyama igwirane, ambiri amatero. Koma pali malire. Ena amachulukitsa dala kuti kilo imodzi ibale ana khumi ndi asanu.

Apa ndiye pamene malo a mayina aja amapambanira, ndinene chilungamo. Sikuti chakudya chawo n'chodabwitsa, koma chimene mwadya lero n'chimene mudzadye mwezi wa mawa. Nyama ndi yoyeza pa sikelo, nthawi ya pamoto ndi yowerenga, wophika sachita za m'mutu mwake. Ku KFC burger zawo ndi za nkhuku, chidutswa cha nyama yokazinga chokutidwa ndi fulawa, ndiye mumaona ndi maso kuti iyi ndi nkhuku ndithu. Ija amati Zinger ili ndi tsabola, koma mwana wokulira pa kambuzi wa kumunda kwanu uja sangalire nayo. Ku Steers, amene anachokera ku South Africa, amatchuka ndi ya ng'ombe yootcha pa malawi a moto, imamveka kafungo ka utsi ngati kanyenya. Kwa mwana amene akufuna burger imene amaiona pa TV, ine ndingamutengere ya ng'ombeyo. Koma burger yokoma kuposa zonse imene ndinadyapo sinali ya malo a dzina. Anali malo ang'ono, matebulo asanu, bambo wake amagaya yekha nyama m'mawa uliwonse. Vuto la malo otere n'lakuti tsiku limene bamboyo wapita kumaliro, mudya zina.

Ndiye mukalowa pena paliponse, yambani ndi mphuno. Pakhomo pazimveka fungo la nyama ili pamoto, osati la mafuta okazingira tchipisi amene agona masiku atatu. Onani ngati pali anthu, poti pamene pamayenda malonda nyama sigonera. Musachite manyazi kufunsa kuti nyamayi mumaumba nokha kapena imabwera youma m'katoni. Ikabwera, dinani banzi ndi chala, labwino limabwerera, la dzana limatsala ndi dzenje kapena kuyoyoka. Kenako muidule pakati ndi mpeni muone m'kati.

Apa mumvetsetse azakhali, n'zofunika. Mukapeza m'kati muli mofiira, bwezani, musati poti ndalipira. Nyama ya nthuli, ngati siteki, tizilombo timakhala kunja, moto ukapsereza kunjako basi zatha. Koma nyama yogaya, za kunja zija zasakanikira mpaka pakati. Ife m'khitchini tinali ndi kachipangizo kobaya, pakati pamayenera kufika madigiri 71. Azungu ena amabwera n'kumati ndikufuna yofiirira, abwana amakana. Mwana akupita ku sekondale uyu, asakayambe teremu ndi kutsegula m'mimba.

Za ndalama tsopano. Pa bolodi paja pamakhala mitengo iwiri, wa burger yokha ndi wa burger pamodzi ndi tchipisi ndi chakumwa. Chithunzi chimene mwaona chija ndachikulitsa, mtengo umene wakuopsani ndi wa zonse zitatu. Kawirikawiri kugula pamodzi kumatsikirako kusiyana ndi kugula chimodzichimodzi, koma pokhapokha ngati zonsezo mumazifunadi. Ndiye mtsikana wa pa kauntala adzakufunsani mokoma, tiikemo tchizi amayi, tikupatseni tchipisi chachikulu? Inu ndi ulemu wanu uja mudzangoti eya, eya. Eya aliyense ndi ndalama, azakhali. Si kuti mtsikanayo ndi wakuba, anamuphunzitsa kufunsa choncho, nanenso ndinkafunsa. Mungoti ayi zikomo, chomwechi. Tchipisi chokha chimandiseketsa, mbatatesi yake yomweyi timalima kuno ndi ku Dedza, pa chiwaya cha pa depoti mudya mbale yodzadza ndi saladi pamwamba, uko akupatsani kathumba kongokwana m'dzanja.

Muwerengerenso thiransipoti. Kuchoka kuno kukafika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 100, kupita ndi kubwera, anthu awiri. Mwina ya minibasi idzaposa ya chakudyayo. N'chifukwa chake ndikuti zotenga ana onse asanu ndi adzukulu, monga ananenera amalume dzulo, izo ayi. Amalume ngati akufuna choncho atumize pa Mpamba, nambala akuidziwa.

Koma mwanayo mupite naye. Munalonjeza, ndipo iye wachita mbali yake, mwana saiwala. Komanso kunena zoona chimene akufuna si nyama yokha. Akufuna kulowa pa chitseko cha galasi, kuitanitsa yekha, kunyamula thireyi, ajambulitse chithunzi akaonetse anzake. Zimenezo ine pa mbaula sindingamupatse. Musankhe tsiku limene muli kale ndi zochita m'tauni, poti mukuyenera kukagula yunifolomu, sutikesi ndi zofunda, ndiye ulendo ukhale umodzi. Mukalowa m'tauni ndi msewu wathuwu mudzadutsa pa Gateway Mall, mukhoza kutsika pamenepo muyambe mwazungulira muone mitengo ndi maso anu musanatulutse chikwama. Mumugulire yake imodzi ya tchipisi ndi chakumwa. Inuyo ndikukudziwani, mukadzangoluma mudzati kodi nsima ibwera nthawi yanji, ndiye mudzangolawako kwa mwanayo, mukadye bwinobwino kumsika. Mupite masana anthu ali ambiri, osati cha m'ma 9 m'mawa moto usanagwire.

Otsalawo ndiwapangira ine Loweruka likubwerali, kwanu konko. Ndigula kilo imodzi ndi theka kwa abutchala a pano pa boma, ndikawauza agaye ndili pomwepo, asachotse mafuta onse. Anthu amalakwitsa pamenepa, amafuna nyama yofiira yokhayokha, ndiye burger imauma ngati chikopa. Pamafunika mafuta pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Makina akapanda kuyenda chifukwa cha magetsi ndidzaidula ndi mpeni mpaka isalale, ndinachitapo, imakoma kuposa. Kuumba kwake osakanya ngati mandasi ayi, kungosonkhanitsa mopepuka, kuphwatalitsa, n'kudina pakati ndi chala chachikulu kuti isatukumuke. Mchere kunja kokha, nthawi yoika pamoto. Chiwaya chitenthe kwambiri, uike, usiye. Osaipsinja ndi supuni kuti ilire, anyamata amakonda zimenezo, madzi onse okoma amathera pa makala. Kutembenuza kamodzi. Mabanzi ndiwadula pakati n'kuwagoneka pa mafuta omwewo pang'ono kuti asanyowe ndi tomato.

Mabanzi ndigula a tsiku lomwelo, osati otsekemera kwambiri aja. Tchizi ndiona ngati ndichipeze, chikakhala chodula tisiya, tidzakazinga mazira tiike pamwamba. Inu mukonze makala, tomato wolimba, anyezi, ndi mbatatesi ndowa yaing'ono, ana asende ndisanafike. Mapeyala ngati alipo pa msika mutengeko awiri.

Mundiuze ana alipo angati kwenikweni, muwerenge ndi a kwa aneba amene amangotulukira utsi ukayamba aja, ndisadzachite manyazi. Achimwene a ku Joni, mbali yanu ndi ya zakumwa, musazime foni. Basi azakhali, mphika wanga ukupserera, mupereke moni kwa onse.