Kwa achimwene ofuna kutumiza njinga yamoto ku Mangochi

Achimwene, ndaona funso lanu lija m'gulu lathu lino. Mwati mwagula njinga yamoto ya 150cc ku Germiston kwa munthu amene ankaperekera zakudya m'makomo, mukufuna ifike kaye kwanu ku Mayfair muno mu Joni, kenako mu Disembala ipite ku Mangochi kuti mng'ono wanu aziyendetsa kabaza. Mnzanu wina ali ndi Hilux ya double cab, wina akuti mubwereke trailer, ndiye mukufunsa kuti chabwino n'chiti. Ena akuyankhani kale kuti mungoigoneka pa matiresi n'kuikuta ndi bulangete. Chonde musatero.

Njinga yamoto si thumba la chimanga loti mungaliponye paliponse pamene patsala malo. Ikagona chammbali petulo amatuluka pa chivindikiro cha thanki ndi pa kabuleta, oyilo amalowerera mu air filter mwinanso mpaka mu silinda, ndipo batire ikakhala ya madzi ija asidi amatayikira pa felemu. Kulemera konse kumatsamira pa handulo, pa livala ya klatchi ndi pa ma indiketa, zinthu zimene sizinapangidwe kuti zisenze kanthu. Pa ulendo wa Germiston ndi Mayfair mwina mungapulumuke ndi galasi losweka basi. Pa ulendo wa ku Malawi, wa makilomita oposa 1,700, ikafika ili yoti ayambe aiona ndi makaniko isanatenge pasenja ngakhale mmodzi. Iyende choimirira, itamangidwa ndi malamba anayi.

Pa njinga imodzi yaing'ono ngati yanuyo ine ndingasankhe bakkie, ndiye kuti pikapu ngati Hilux ija. Njinga za 125 ndi 150cc sizipitirira kwenikweni makilogalamu 140, choncho kulemera si vuto. Vuto ndi kutalika. Njinga zimenezi zimatalika pafupifupi mamita 2, pamene kumbuyo kwa double cab ndi mita imodzi ndi theka yokha. Ikakhala single cab njinga imalowa yonse, chitseko cha kumbuyo n'kutsekeka bwinobwino. Pa double cab ya mnzanuyo muli ndi njira ziwiri: kuiika chopingasa, tayala lakutsogolo litalowa pa kona ina ndipo lakumbuyo litaloza kona inayo, kapena kusiya chitseko chotsitsa kuti tayala lakumbuyo likhale pamenepo. Mukasiya chotsitsa, yalani thabwa lalitali lochokera mkati mpaka pa chitseko kuti kulemera kusagwere pa timawaya tiwiri togwira chitsekocho. Onaninso kuti nambala puleti ikuoneka, ndipo ngati katundu watuluka kumbuyo kopitirira masentimita 30, lamulo la kuno ku South Africa likufuna kansalu kofiira kumapeto kwake. A JMPD, apolisi a pamsewu a mu Joni, saphonya zoterezi, makamaka galimoto ikamaoneka kuti ya anthu obwera.

Pokweza musayese zoikwera n'kuithamangitsira pa thabwa monga amachitira anyamata a pa TikTok. Pezani malo otsetsereka kapena ofika pa khonde lokwera kuti kumbuyo kwa bakkie kutsike, mangirirani thabwalo ku galimoto kuti lisaseseleke, injini ikhale yozimitsa, ndipo mukhale anthu atatu. Mmodzi agwire handulo chala chili pa buleki yakutsogolo, wina akankhe kumbuyo, wachitatu alandirire pamwamba. Musanakweze chotsani bokosi lija la zakudya ndi magalasi onse awiri.

Tsopano kumanga, pamene anthu ambiri amalakwitsa. Gulani malamba a ratchet anayi, amapezeka m'mahadiweya ndi m'masitolo a sipeya ponseponse. Chingwe cha nayiloni chimatamuka chikatentha, malegeni nawo amaduka mosachenjeza. Tayala lakutsogolo likankhidwe mpaka ligunde khoma la kutsogolo kwa bakkie, ndipo mulitchinge mbali zonse ziwiri ndi timatabwa kapena tayala lakutha kuti handulo isapotoke. Malamba awiri akutsogolo agwire pa chitsulo chimene chimagwirizanitsa mafoloko awiri aja m'munsi mwa nyali, osati kumapeto kwa handulo, chifukwa mahandulo a njinga zotchipazi ndi ofewa, amapindika. Lamba aliyense atsikire kutsogolo ndi kumbali, akakole pa ngowe ya pa kona. Onetsetsani kuti sanapanikize paipi ya buleki kapena mawaya a magetsi, ndipo pamene akukhudza penti ikani kansanza.

Mukakoleka lamba wa kumanzere, imitsani njinga chilili, pindani sitandi, kenako muzimanga mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, mpaka mafoloko atsike pafupifupi theka la mmene amatsikira. Musawatsitse mpaka pansi. Mukawafinya kotheratu kwa masiku atatu ali pa msewu, ma seal amayamba kudontha oyilo. Komanso mukawasiya osatsika n'komwe, galimoto ikagwa mu dzenje njinga imadumpha, lamba amakhwefuka kwa kanthawi kochepa, ngowe n'kuvuka. N'chifukwa chake ndi bwino kukulunga pakamwa pa ngowe ndi tepi kapena waya. Za sitandi ndanenazi ena amatsutsa, amati njinga imakhazikika bwino ikatsamira pa sitandi. Ikaima pabwalo ndi zoona. Pa galimoto yoyenda, bampu iliyonse imamenyetsa sitandiyo pansi, mapeto ake imaboola bodi ya bakkie kapena kupinda pamene inawotcheredwa ku felemu.

Malamba awiri akumbuyo agwire pa felemu pafupi ndi popondera pasenja. Amenewa safuna mphamvu zambiri, ntchito yawo n'kuletsa kuti kumbuyo kusamavinevine. Ikani njinga mu giya wani, mangani livala ya buleki yakutsogolo ndi legeni (apa ndiye pamene legeni ali ndi ntchito), tsekani kampopi ka petulo. Pa ulendo wautali tsanulani petulo yense ndipo chotsani waya wa batire. Zotsala za malamba zipindeni n'kuzimanga, zisamakupize. Mukamaliza igwedezeni mwamphamvu: igwedezeke ndi galimoto yonse, osati payokha. Mukayenda makilomita 10 kapena 20 imani muonenso, chifukwa malamba atsopano amayamba atamuka, ndipo muzionanso paliponse pamene mwaima kuthira mafuta. Za lona, nyengo ino ya mvula ya mabingu munthu umafuna kuphimba, koma lona yokupiza ndi mphepo imakwecha penti mpaka kuyera. Mvula siiwononga njinga. Ngati mukufunabe kuphimba, kulungani thanki ndi mpando ndi bulangete lakale, mumange zolimba.

Trailer ili ndi ubwino umodzi waukulu: ndi yotsika, kukweza njinga sikuvuta, ndipo kumbuyo kwa bakkie kumatsala kwa katundu wina. Ikadakhala kuti njinga ndi ziwiri kapena zitatu ndikadakuuzani kuti tengani trailer. Koma ikhale ya njinga yeniyeni, yokhala ndi ngalande yolowamo matayala ndi chogwirira tayala lakutsogolo. Timatrailer ta Venter ta chivindikiro tija n'ta masutikesi, njinga siikwanamo bwino. Laisensi ya Code B, ya galimoto zing'onozing'ono, imakulolani kukoka trailer yosapitirira makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake. Yoposa pamenepo ikufuna EB. Trailer imakhala ndi nambala yake ndi disiki yakeyake, magetsi ake aziyaka onse, tcheni chachitetezo chikoledwe. Kulemera kwambiri kukhale kutsogolo kwa ekiselo, apo ayi mukafika pa liwiro la pa msewu waukulu wa N1 imayamba kupepeluka uku ndi uku mpaka kukoka galimoto. Timatayala take n'tating'ono, timazungulira kwambiri ndipo ma bearing amatentha, ndiye tengani sipeya ndipo muzikhudza pa habu, pakati pa tayala, mukaima kuti mumve ngati patentha. Ndipo ngati ndi yobwereka ku kampani, funsani kaye ngati amalola kuti ituluke m'dziko. Popanda kalata ya mwini wake ndi mapepala ake simudutsa nayo pa boda ya Beitbridge.

Zonsezi n'zosavuta poyerekeza ndi mapepala, ndipo m'funso lanu simunatchule kuti wogulitsayo wakupatsani chiyani. Njinga zoperekera zakudya muno mu Joni zimabedwa kwambiri ndipo zina zimagulitsidwa ngongole yake isanathe. Musanaikweze n'komwe pa bakkie ku Germiston, tengani satifiketi ya NaTIS (pepala la kalembera wa njingayo) yeniyeni, osati fotokope, muyerekeze nambala ya chasisi ndi ya injini zimene zalembedwapo ndi zimene zadindidwa pa njingayo, chilembo ndi chilembo. Onani dzina la title holder, mwini wake weniweni mwalamulo. Likakhala la banki kapena la kampani, njingayo si ya amene akukugulitsaniyo. Lemberanani kalata yogulitsirana, mutenge kope ya chiphaso chake. Kusintha umwini kumayenera kuchitika pasanathe masiku 21, ndipo ife obwera timafunika traffic register number kuti galimoto kapena njinga ilembedwe m'dzina lathu. Mukapezeka pa msewu wa M2 muli ndi njinga kumbuyo kwa bakkie popanda pepala lililonse, nkhani yake siikhalanso ya tikiti.

Kuti ituluke m'dziko mpaka kalekale pamafunika chilolezo cha apolisi a SAPS, chija amati SARPCCO clearance, chotsimikiza kuti si yakuba, komanso kuionetsa ku kasitomu ya SARS potuluka. Zimenezi zimatenga nthawi, ndiye musadikire sabata yonyamuka. Ku Zimbabwe ndi ku Mozambique njingayo imadutsa ngati katundu wongodutsa, ndipo apa ndi pamene ejenti wodziwa ntchito amathandiza. Mukafika pa Mwanza a MRA adzafuna msonkho, kenako nkhani ya ku Road Traffic kuti ipeze nambala ya ku Malawi. Mng'ono wanuyo akufunikanso laisensi ya njinga, inshulansi ndi zipewa ziwiri. Zipewazo gulani konkuno mutumizire limodzi.

Ngati mukupita nokha ndi Hilux ya mnzanuyo, njira mukuidziwa: N1 kudutsa Pretoria, Polokwane ndi Musina, mageti olipira ngati Carousel, Kranskop ndi Baobab ali m'njira, kenako Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, Mwanza. Galimotoyo ikufuna mapepala ake ndi kalata ya mwini wake ngati iye sakupita nawo, ndipo trailer imalembedwa payokha pa boda iliyonse, ndiye kuti ndalama zina. Ku Zimbabwe amafuna ma triangle awiri, chozimitsira moto ndi zonyezimira zoyera kutsogolo, zofiira kumbuyo. Ku Mozambique onjezani vesiti yonyezimira, ndipo galimoto yokoka trailer imafunika chizindikiro chija cha triangle yachikasu pa buluu. Inshulansi ya Yellow Card ya COMESA imagwira ku Zimbabwe ndi ku Malawi, koma Mozambique sili mu COMESA, kumeneko mumagula yawo pa boda. Chigawo cha Nyamapanda mpaka Tete n'chotentha kwambiri mu Disembala ndipo maenje sasowa, ndiye malamba ndi matayala muziwaona pafupipafupi kuposa mmene munkachitira pa N1.

Kunena zoona, ngati ulendowo ndi wongoperekeza njinga yokha, mafuta ndi zolipira za m'maboda zikhoza kuposa mtengo wa njingayo. Anthu ambiri amapereka kwa matransipota athu omwewa amene amanyamula mafiriji ndi mabedi, ndipo si kulakwa. Koma sankhani amene anthu a m'gulu lino anatumizapo katundu n'kufika. Pitani nokha tsiku lopakira ndi malamba anu, muone kuti yaimikidwa, yamangidwa, ndipo palibe amene wasanjika zidebe za penti kapena masofa pamwamba pake. Ijambuleni mbali zonse pamodzi ndi nambala ya chasisi ndi mamita amene yayenda. Mugwirizane polemba kuti msonkho wa pa Mwanza alipira ndani, chifukwa mikangano yambiri imayambira pamenepo: transipota amati mtengo unali wonyamula chabe, mwini katundu amati anamva kuti zonse zili momwemo, njinga n'kukhala pa boda milungu ingapo. Wina akakuuzani kuti mapepala ndi osafunika, aiphwasula n'kuidutsitsa ngati masipeya, mukaneni. Ikhoza kufikadi, koma sidzalembetseka, ndipo mng'ono wanu azidzangothawa apolisi pa rodibuloko iliyonse kuyambira pa Liwonde.

Chinthu china choti muwerengere musanalipire transipota: phatikizani mtengo umene mwagulira, wonyamulira, wa ejenti ndi msonkho, kenako mufunse mng'ono wanu mtengo wa Lifo kapena SanLG yatsopano ku Limbe kapena pa Mangochi pomwepo. Mumufunsenso ngati masipeya a mtundu wa njinga yanuyo amapezeka kumeneko. Njinga ya kabaza imadya tcheni, masiproketi, mabuleki ndi ma cable a klatchi mosalekeza, ndipo ikakhala ya mtundu wosadziwika kwa amakaniko a kumudzi, kachitsulo kakang'ono kamaimitsa ntchito mpaka wina abwere nako kuchokera kuno. Mukaona kuti masamu akukomera kutumiza, ikani m'katundumo tcheni ndi masiproketi a sipeya, mabuleki, mapulagi ndi ma cable awiri. Mukaona kuti sakukomera, njinga za 150cc zili ndi msika muno mu Joni, muigulitse mutumize ndalama.

Za Germiston ndi Mayfair zokha, tengani Hilux ya mnzanuyo Loweruka m'mawa misewu isanadzaze, malamba anayi, thabwa ndi anthu awiri okuthandizani. Tiuzeni mtundu wa njingayo ndi mapepala amene muli nawo m'manja, kuti amene anatumizapo chaka chino akuuzeni za ejenti ndi mitengo ya panopa.