Funsani Tikuyankheni: Kodi maginito a dziko akatembenuka, dzuwa lizituluka kumadzulo?

FUNSO: Akulu, pa gulu lathu la WhatsApp pakuyenda uthenga woti posachedwapa maginito a dziko atembenuka, kumpoto kukhala kummwera, dzuwa lizituluka kumadzulo ndipo nyanja zisefukira. Amayi anga agwidwa mantha mpaka tulo sakuliona. Zoona zake ndi ziti, nanga maginito amenewa amachokera kuti?
Wowerenga wa ku Ntcheu

YANKHO: Achemwali, choyamba kauzeni amayi kuti mtima ukhale mmalo, azigona ndithu. Dzuwa limatulukira kummawa chifukwa dziko limazungulira kuchoka kumadzulo kulowera kummawa, nde kuzungulira kumeneko sikudalira komwe singano ya kampasi yaloza ayi. Chimene chimatembenuka ndi mphamvu ya maginito basi, dziko lenilenilo silidzagadabuzika. Kungoti muuthengamo muli kachoonadi pang'ono kamene akasakaniza ndi bodza lambiri, nchifukwa chake anthu amaukhulupirira msanga, ndipo zimandiwawa kuona azimayi achikulire akuvutika mumtima chifukwa cha zoterezi.

Ambiri amaganiza kuti pakati pa dziko pali chimaginito cholimba chachikulu, koma sizingatheke, chifukwa chitsulo chikatentha kupitirira madigiri 770 chimasiya kukhala maginito pomwe pakati pa dziko kutentha kwake kumafika madigiri 5,000 ndi kuposera apo. Zimene zilipo ndi izi. Mutati mukumbe kupita pansi makilomita pafupifupi 2,900 mukapeza chitsulo chosungunuka chosakanikirana ndi nikelo, chikuyenda ngati madzi, kuya kwake makilomita oposa 2,000, kenako pakatikati penipeni mpamene pali mbulunga ya chitsulo cholimba chifukwa chapanikizika kwambiri. Chitsulo chamadzimadzicho sichikhala phee, chotentha cha pansi chimakwera, chikazizirako chimatsikanso, dziko likamazungulira limachipotokola, nde poti chitsulo chimadutsa magetsi kuyenda kumeneko kumabereka magetsi, magetsiwo amabereka maginito, maginitowo nkuthandizanso kubereka magetsi ena, choncho mpaka kalekale. Asayansi amangoti dayinamo, ndipo amene munakwerapo njinga ya nyale mukuidziwa, tayala likamayenda nyale imayaka, mukaima imazima. Ya dziko sinazime chifukwa mkatimo kutentha kudakalipo.

Tsopano poti chitsulocho chimayenda mosokonekera, nthawi zina mphamvuyo imafooka, nkusokonekera, ikamadzabwerera mwakale nkupezeka kuti kumpoto kwa maginito kwapita kummwera. Izi zinachitikapo kambirimbiri, ndipo umboni uli mmiyala. Chiphalaphala cha phiri lophulika chikamazizira timiyala ta chitsulo tili mkatimo timaloza komwe maginito akuloza nthawi imeneyo, mwala ukauma basi tatsekeredwa momwemo. Mu 1906 Bernard Brunhes wa ku France anapeza miyala yotere yoloza chammbuyo, mu 1929 Motonori Matuyama wa ku Japan anaona kuti miyala yoloza chammbuyoyo ndi yakale kuposa inzake, kenako mu 1963 Fred Vine ndi Drummond Matthews anafotokoza mizeremizere ya pansi pa nyanja zikuluzikulu, mzere wina woloza kumpoto wina kummwera mosinthanasinthana. Kutembenuka komaliza kunachitika zaka pafupifupi 780,000 zapitazo. Kulibe kalendala yake eti, pena kumachitika pafupipafupi, pena panadutsa zaka pafupifupi 40 miliyoni osatembenuka olo kamodzi. Ndipo si za usiku umodzi, zimatenga zaka mazanamazana mpaka masauzande. Zaka 41,000 zapitazo mphamvuyi inafooka kwambiri nkutembenuka kwa kanthawi kenako kubwerera, anthu analipo kale padziko nthawi imeneyo ndipo mtundu wa anthu sunathe.

Kachoonadi ndimanena kaja ndi aka, pa zaka 200 zapitazi mphamvu ya maginito a dziko yatsika ndi pafupifupi 9 pa 100 aliyense, ndipo malo ofooka kwambiri ali pakati pa South America ndi kummwera kwa Africa, amawatchula South Atlantic Anomaly. Apa mpamene nkhaniyi imandikoka mtima, chifukwa umboni wina wofunika unachokera kufupi konkuno, kuchigwa cha mtsinje wa Limpopo komwe Zimbabwe, Botswana ndi South Africa akumana. Alimi amene ankakhala kumeneko zaka mazana ambiri zapitazo, chilala chikavuta ankatentha nyumba zadothi ndi nkhokwe ngati mwambo woyeretsa mudzi, nde dothi lozira pansi lija likapsa nkuzizira linkasunga mmene maginito analili tsiku limenelo ndendende. John Tarduno wa ku University of Rochester ndi anzake atayeza dothi limenelo anapeza kuti chigawo chino maginito anafookaponso kale mzaka za m'ma 1200 mpaka 1500, kenako nkubwereranso. Akuganiza kuti chikuchititsa ndi chithanthwe chachikulu chotentha chimene chili pansi pa kummwera kwa Africa, pomwe miyala imakumana ndi chitsulo chamadzi chija, kuti chimasokoneza kayendedwe kake. Tangoganizani, anthu ankapempha mvula osadziwa kuti akusungira zidzukulu mbiri ya mkati mwa dziko. Nde kufooka kwa lero sikutanthauza kuti kutembenuka kwayandikira, asayansi ambiri akuti mphamvuyi ikadali yayikulu ndithu tikayerekeza ndi mmene yakhalira mmbuyomu.

Zitati zichitike, ovutika kwambiri ndi masetilaiti ndi mawaya a magetsi, chifukwa maginito ndi amene amapatutsa tizinthu toopsa tochokera kudzuwa. Ngakhale panopa telesikopu ya Hubble, imene imazungulira dziko mumlengalenga, ikamadutsa pamalo ofooka aja zida zake zina amayamba aziimitsa kaye. Ife apansi pano mpweya wokuta dziko umatitchinjirizabe, ndipo nyanja sizisefukira chifukwa cha maginito.

FUNSO: Aphunzitsi athu anati Mars ilibe maginito ngati a dziko lathu. Chifukwa chiyani?
Mtsikana wa Fomu 4, Mzuzu

YANKHO: Aphunzitsi ako anena zoona mwanawe. Dayinamo ija imafuna chinthu chamadzimadzi chodutsa magetsi, chimene chikutakasika, pa pulaneti yozungulira. Mars ndi yaying'ono, theka chabe la dziko lathu mulifupi, mkati mwake munasiya kutakasika ndipo dayinamo yake inazima zaka pafupifupi 4 biliyoni zapitazo, chotsala ndi miyala yakale yapamwamba imene inasunga maginito. Venus kukula kwake ndi pafupifupi dziko lathu koma nayo ilibe, imatenga masiku 243 kuti izungulire kamodzi ndipo zikuoneka kuti mkati mwake simutakasika mokwanira. Jupiter ndiye katswiri, maginito ake ndi amphamvu kuposa pulaneti ina iliyonse, koma iyo sidalira chitsulo, ndi mpweya wa haidrojeni umene wapanikizika mpaka kumadutsa magetsi ngati chitsulo. Dzuwa nalo lili ndi maginito ake, ndipo amatembenuka pafupifupi zaka 11 zilizonse, chibadwire iwe zachitika kale ndipo palibe chinakuchitikira. Limbikira Fizikisi, mafunso ngati amenewa ndi abwino kwambiri.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ku Cape Town. Kampasi yanga siyigwirizana ndi kumpoto kwa pa mapu, kodi ndi yowonongeka?
Bambo wina, Cape Town

YANKHO: Ayi achimwene, musayitaye. Kumpoto kwa maginito ndi kumpoto kwa pa mapu ndi malo awiri osiyana, ndipo ku Cape Town kumeneko singano imapatukira kumadzulo ndi madigiri pafupifupi 25, nde muyenera kumawerengera zimenezo mukamagwiritsa ntchito mapu. Komanso kumpoto kwa maginito sikukhala malo amodzi. James Clark Ross anakupeza kumpoto kwa Canada mu 1831, koma pano kwawoloka kulowera cha ku Siberia, ndipo zaka zina kunkayenda makilomita oposa 50 pachaka mpaka mu 2019 akatswiri anachita kukonza msanga mapu a maginito amene ndege, sitima zapamadzi ndi mafoni amadalira, nthawi yake isanakwane. Mukapeza tsiku lopuma pitani ku Hermanus, si patali ndi komwe muliko, kuli malo a SANSA, bungwe la South Africa loona za mumlengalenga, ndipo malowa akhala akuyeza maginito a dziko kuyambira 1941.